Kuvina movula: Chifukwa chiyani wovina amalipira kuti agwire ntchito, nanga thanzi lake limakhudzidwa bwanji?

Mukamaonera mafilimu kapena mavidiyo a nyimbo za ku America pa foni, si zachilendo kuona mtsikana akuvina pa siteji atavula zovala zina, amuna akumufupa ndalama mpaka pansi pose kuyera. Woonera amangoti ameneyu zake zayenda.

Koma m'makalabu ambiri otere ku America ndi ku Britain, mwini malo salipira wovina. Wovinayo ndiye amalipira mwini malo kuti amulole kuvina. Izi zikutanthauza kuti usiku uliwonse amauyamba ali kale ndi ngongole. Dongosolo la ndalama limeneli ndilo gwero la mavuto ambiri a zaumoyo amene ovinawa amakumana nawo.

Kodi kalabu imapeza bwanji ndalama?

Malowa, amene pa Chingerezi amatchedwa strip club, ndi bizinesi yaikulu. Kampani ya RCI Hospitality Holdings ya mumzinda wa Houston, imene ili ndi makalabu ambiri ku America, imagulitsa masheya ake pamsika wa Nasdaq monga mmene makampani a mafoni ndi makompyuta amachitira.

Ndalama za kalabu zimalowera njira zinayi. Yoyamba ndi ya pakhomo imene makasitomala amapereka. Yachiwiri ndi mowa, umene umagulitsidwa modula kuposa kumalo ena omwera. Yachitatu ndi zipinda zapadera, kumene kasitomala amalipira kuti munthu amuvinire payekha, ndipo kalabu imadulapo gawo lake. Yachinayi, imene anthu ambiri saidziwa, ndi ndalama yochokera m'thumba mwa ovina eni ake.

Nanga wovina amalipira chiyani?

Choyamba ndi ndalama yogulira malo usiku umenewo, imene amaitcha house fee. Imakwera kumapeto kwa sabata, ndipo m'makalabu ambiri imakweranso wovina akafika mochedwa.

Pamapeto pa ntchito amayeneranso kupatsako kangachepe woika nyimbo, alonda ndi mayi woyang'anira chipinda chovalira. Palinso zindapusa: kuchedwa kukwera pa siteji, kujomba, kutafuna chingamu kapena kugwira foni pamaso pa makasitomala. Zovala, nsapato, tsitsi, zodzola ndi galimoto yobwererera kunyumba mbandakucha, zonsezi ndi za iye mwini.

Tiyerekeze kuti kalabu ikufuna $100 ya malo, ndipo kuvinira kasitomala nyimbo imodzi ndi $20. Nyimbo zisanu zoyambirira wovinayo wavinira mwini kalabu. Ngati kwagwa mvula makasitomala n'kubwera ochepa, iye n'kuvina nyimbo zitatu zokha, abwerera kunyumba ataluza $40, osawerengera zina zija.

Amene amayendetsa njinga ya kabaza ya eni ake amalidziwa bwino dongosololi. Kaya anthu akwera kaya sakwera, ya bwana iyenera kukwana madzulo.

Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Leeds ku Britain, Teela Sanders ndi Kate Hardy, anafunsa ovina pafupifupi 200 cha m'ma 2010. Anapeza kuti 70 mwa 100 alionse anali atabwererapo kunyumba ataluza ndalama chifukwa chopita kuntchito. Anapezanso kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali ndi digiri. Ambiri anati anasankha ntchitoyi okha chifukwa usiku wabwino umalipira kuposa kugulitsa m'sitolo, komanso amasankha okha masiku ogwira. Vuto n'lakuti palibe amene amadziwa kuti usiku wabwinowo ndi uti.

N'chifukwa chiyani lamulo limalola zimenezi?

Chinsinsi chagona pa dzina limene kalabu imapatsa wovina. Simutcha wantchito wake. Imati iye ndi munthu wochita bizinesi yakeyake, amene wangobwereka malo.

Munthu akakhala wolembedwa ntchito ku America, lamulo limati alandire ndalama zosachepera $7.25 pa ola, mlingo umene boma lalikulu linakhazikitsa mu 2009. Akavulala pantchito pamakhala chipukuta misozi, ndipo ntchito ikatha pamakhala thandizo la boma kwa kanthawi. Wochita bizinesi yakeyake alibe zonsezi.

Dongosololi lili ndi chotsatira china. Popeza wovina aliyense amabweretsa ndalama pongolowa pakhomo, mwini kalabu sataya kanthu ovina akachuluka kuposa makasitomala. M'malo mwake amapindula. Sanders ndi Hardy anaona kuti chuma chitasokonekera mu 2008, makalabu a ku Britain anapitirira kuyenda podalira ndalama za ovina, pamene ovinawo ankalimbirana makasitomala ochepa amene anatsala.

Kodi izi zimafika bwanji pa thanzi?

*Mowa.* Kalabu imafuna kuti kasitomala agule chakumwa chambiri, ndipo njira yachidule ndi yoti wovina azimwa naye. Makalabu ena amapatsa wovina kagawo pa botolo lililonse limene kasitomala wagula. Munthu akamamwa mausiku anayi kapena asanu pa sabata chifukwa cha ntchito, chiwindi chimavutika, kuthamanga kwa magazi kumakwera, ndipo thupi limafika pozolowera moti kusiya kumavuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene ulibe chiopsezo pa thanzi.

*Kuvulala.* Kuvina pa chitsulo n'chimodzimodzi masewera olimbitsa thupi. Mapewa ndi manja zimanyamula thupi lonse, maondo amagunda pansi, ndipo nsapato zimakhala zazitali masentimita 15 kapena kuposa. Kubinya, kupweteka kwa msana ndi kutupa maondo n'zofala. Wosewera mpira akavulala amapuma. Wovina akapuma salandira kanthu, ndipo kumalo ena amalipitsidwa chindapusa chojomba. Choncho ambiri amamwa mankhwala opha ululu n'kukwera pa siteji, bala laling'ono n'kusanduka lokhalitsa.

*Chipatala.* Ku America anthu ambiri amapeza inshuwalansi ya zaumoyo kudzera kwa owalemba ntchito. Wovina amene sawerengedwa ngati wantchito amayenera kugula yekha kapena kukhala opanda. Zotsatira zake n'zakuti ena amapita kuchipatala matenda atakula kale.

*Tulo.* Ntchitoyi imatha mbandakucha. Kugona masana sikupumitsa thupi mofanana ndi kugona usiku, ndipo kusowa tulo kwa nthawi yaitali kumayendera limodzi ndi matenda a shuga, a mtima ndi nkhawa. Mu 2019 nthambi ya WHO yofufuza za khansa ya IARC inaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kuti zingayambitse khansa.

*Nkhanza.* Apa ndi pamene ngongole ija imaluma kwambiri. Kasitomala akayamba kugwira pamene saloledwa, wovina amene sanabwezebe ya malo amaganiza kawiri asanamukane. Kukanena kwa mlonda n'kovutanso ngati kasitomalayo ndi amene amagula mowa wambiri. Ndipo popeza wovinayo si wolembedwa ntchito, kalabu ingangomuuza kuti mawa asabwere, popanda kupereka chifukwa.

*Matenda opatsirana pogonana.* Kuvina movula si kugulitsa thupi, ndipo ovina ambiri sagonana ndi makasitomala. Komabe akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins, motsogozedwa ndi Susan Sherman, atafufuza m'makalabu a mumzinda wa Baltimore anapeza kuti kupanikizika pa ndalama, mpikisano pakati pa ovina ndi kupezeka kwa mankhwala ozunguza bongo zinkakankhira ena kugonana ndi makasitomala, zimene zimakweza chiopsezo cha HIV ndi matenda ena.

*Maganizo.* Kusadziwa ngati lendi ikwana, kumwetulira munthu amene akukunyoza, ndi kubisa ntchito yako kwa abale ndi adokotala poopa kusekedwa, zonsezi ndi katundu wolemera m'mutu.

Nthawi ya Covid-19 inaonetsa poyera kufooka kwa dongosololi. Makalabu atatsekedwa mu 2020, ovina anangodzuka opanda malipiro, opanda tchuthi cholipidwa, ndipo ambiri analibe mapepala osonyeza zimene ankapeza kuti apemphere thandizo.

Makhothi akuti chiyani?

Sakugwirizana. Mu 2013 woweruza milandu Paul Engelmayer wa mumzinda wa New York anagamula kuti ovina a pa Rick's Cabaret anali antchito enieni, chifukwa kalabu ndiyo inkawalamula kavalidwe, nthawi ndi khalidwe. Mlanduwo unatha mu 2015 kampani itavomera kupereka $15 miliyoni.

Ku Britain zinatembenuka. Mu 2012 khothi la apilo linagamula kuti Nadine Quashie, amene ankavina pa Stringfellows mumzinda wa London, sanali wolembedwa ntchito. Oweruza anati kalabuyo sinalonjeze kumulipira kanthu, ndipo iye ndiye anasenza chiopsezo choluza. Mwanjira ina, dongosolo lomwe linkamulipiritsa ndilo linamulepheretsanso kudandaula kuti anachotsedwa mopanda chilungamo.

Kupambana kukhothi nakonso sikuthetsa zonse. M'dera la California, chigamulo cha mu 2018 ndi lamulo la AB5 limene linayamba kugwira ntchito mu 2020 zinachititsa makalabu ambiri kulemba ovina ntchito. Ovina ena anadandaula kuti makalabu anayamba kudula gawo lalikulu pa ndalama za makasitomala n'kuchepetsa masiku ogwira, moti zopita nazo kunyumba zinatsika.

Pali njira zina zimene zayesedwa?

Ina ndi yolowa m'mabungwe omenyera ufulu wa antchito. Ovina a pa Lusty Lady mumzinda wa San Francisco anachita zimenezi mu 1997, anagula malowo okha mu 2003, koma anatsekedwa mu 2013. Mu 2022 ovina a pa Star Garden ku Los Angeles anadandaula za chitetezo chawo, n'kutsekeredwa kunja. Atachita zionetsero pakhomo kwa miyezi yambiri, mu May 2023 analowa m'bungwe la Actors' Equity, limene limaimira ochita zisudzo.

Ina ndi yokhazikitsa malamulo okhudza ndalama ndi chitetezo mwachindunji. Dera la Washington linalamula mu 2019 kuti m'zipinda zapadera mukhale mabatani oitanira thandizo, ndiponso kuti kalabu izisunga mayina a makasitomala ankhanza. Mu 2024 linawonjezera lamulo loti ndalama imene kalabu imalipiritsa wovina isapitirire $150 pa usiku, kapena magawo 30 pa 100 alionse a zimene wapeza, potengera imene ili yochepa. Ubwino wa lamuloli ndi wakuti usiku ukavuta, ya malo nayo imatsika, ndipo wovina sabwerera kunyumba ndi ngongole.

Dziko la Iceland linatenga njira yosiyana. Mu 2010 linaletseratu bizinesi iliyonse kupindula ndi kuvula kwa antchito ake. Otsutsa njirayi amati kutseka makalabu kumakankhira ovina kumapwando a m'nyumba za anthu, kumene kulibe mlonda kapena kamera.

Nanga wovina akachokera dziko lina?

Apa ngongole imakula. Pamwamba pa ya malo pamabwera ya tikiti ya ndege, ya mapepala, ya wopezera ntchito ndi ya malo ogona. Mayiko amene anali ndi ziphaso zapadera za ovina anazindikira vutoli. Japan inakhwimitsa ziphaso za asangalatsi mu 2005, Canada inasiya kupereka zilolezo za ntchitoyi kwa alendo mu 2012, ndipo Switzerland inathetsa chiphaso chake kuyambira pa 1 January 2016 itaona kuti sichinkatetezanso amayiwo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza ife kuno kumudzi, chifukwa malonjezo a ntchito za kunja, za kuvina kapena kulandira alendo m'malo achisangalalo, amafika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Musanavomere, funsani: Kodi malipiro okhazikika alipo, ndipo alembedwa papepala? Ndizilipira chiyani usiku uliwonse? Ngongole ya ulendo ndi zingati ndipo idzatha liti? Pasipoti isunga ndani? Ndikadwala, alipira ndani?

Munthu amene akufuna kusunga pasipoti yanu kapena akukana kutchula kukula kwa ngongole, muthaweni. Lamulo la Malawi la mu 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limapereka chilango cha zaka 14 m'ndende kwa wozembetsa munthu wamkulu ndi zaka 21 kwa wozembetsa mwana. Mungakanene kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Ndipo kwa aliyense wogwira ntchito usiku m'malo omwera, kunja kapena konkuno: mukagwiriridwa, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mulandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV komanso mapiritsi olera apangozi. Ntchito imene mumagwira si chifukwa choti wachipatala akukanizeni thandizo.