Chisanu cha ku Texas ndi Mpweya Wopha Mwakachetechete

Chigawo cha Texas, kummwera kwa dziko la America, ndi malo otentha, ndipo nyumba zambiri kumeneko sizinamangidwe poganizira chisanu. Koma pakati pa mwezi wa Febuluwale 2021 kunagwa mkuntho wozizira koopsa. Ku Dallas kunazizira kufikira madigiri 19 pansi pa ziro, chikhalirecho madzi amaundana pa ziro penipeni. Zitsime ndi mapaipi a gasi woyendetsa makina a magetsi zinaundana, makina ambiri naima, pamene nyumba iliyonse inali itayatsa zotenthetsera. Usiku wa pa 15 Febuluwale bungwe la ERCOT, loyang'anira magetsi m'chigawomo, linalamula kuti madera ambiri awazimitsire magetsi, kuti angathe kuzima ponseponse. Nyumba ndi malo a malonda oposa 4.5 miliyoni anagona mumdima, ena masiku atatu kapena anayi. Boma la Texas linawerenga anthu 246 amene anataya moyo.

Ife kuno kuzima kwa magetsi tinakuzolowera: timayatsa kandulo, nsima niphikidwa pa mbaula. Kumaiko ozizira si choncho, pakuti magetsi ndiwo moto wa panyumba. Ngakhale chotenthetsera cha gasi chimadalira magetsi kuti chiyende, ndipo akazima nyumba imayamba kuzizira ngati mtsuko. Ana athu ndi abale athu ambiri ali ku America ndi ku Britain pa maphunziro kapena pa ntchito, motero nkhaniyi si ya eni ake okha.

Ambiri mwa anthu 246 aja anafa ndi kuzizira kwenikweniko, makamaka okalamba. Thupi la munthu likatsika pansi pa madigiri 35 amayamba kunjenjemera, kenaka kulankhula mosamveka ngati woledzera, kusokonezeka maganizo ndi kuodzera. Wotere asasiyidwe kuti agone chabe. Amuvule zovala zonyowa, amufunditse, aitane achipatala. Mowa suthandiza konse. Umanyenga munthu kuti wafunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi.

Koma imfa zimene zikutiwawa mtima kwambiri ndi za anthu amene anafa pofuna kudziteteza. Ku Houston mayi wina ndi kamtsikana kake anamwalira chifukwa galimoto inasiyidwa ikulira mugalaja yotseka kuti banjalo lipeze kutentha. Ena analowetsa m'nyumba zootchera nyama za makala, ena jenereta. Anthu oposa 1,400 anathamangira kuchipatala sabata limenelo atapuma mpweya wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu umatuluka pamene makala, nkhuni, gasi, parafini kapena petulo zikuyaka pa malo osapita mphepo. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa monga utsi. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kopitirira ka 200, kotero kuti ubongo ndi mtima zimafa ndi njala munthu akupumabe. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo taonani kuti ife tikamva zotere timangoti ndi malungo kapena chimfine. Tsono ngati anthu onse m'nyumba adwala mutu nthawi imodzi, napeza bwino akatuluka panja, amenewo si malungo. Amene ali mtulo samva kanthu, sadzukanso.

Nanga banja lichite chiyani? Nzeru ya kumaiko amenewo ndi yakuti onse asonkhane m'chipinda chimodzi, chaching'ono, atseke zitseko za zipinda zina, atchinge mipata ya pansi pa chitseko ndi matawulo. Zovala zingapo zophatikiza zimafunditsa kuposa chijasi chimodzi, ndipo chipewa chisaiwalike. Makanda ndi agogo akhale pakati. Uvuni wa gasi si wotenthetsera nyumba. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa zitseko ndi mazenera, ngakhale kukugwa chipale. Pali kachipangizo ka mabatire kamene kamalira kakamva carbon monoxide. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo ife tikuona kuti mwana wathu akafika kunja agule kameneka asanagule wailesi yakanema.

Zina ndi zokonzeratu chisanu chisanafike: tochi ndi mabatire m'malo mwa makandulo, wailesi ya mabatire, batire yapadera yotchajira foni, chakudya chosafuna kuphika, mankhwala a odwala ndi madzi akumwa a masiku atatu. Za madzi tisazipeputse, pakuti ku Texas mapaipi anaphulika ndipo anthu mamiliyoni ambiri anauzidwa kuti aziwiritsa madzi, ena alibe n'pophikira pomwe. Mwini nyumba adziwe pamene pali kotsekera madzi onse. Firiji ikakhala yosatsegulatsegula imasunga chakudya maola anayi. Ku England, Scotland ndi Wales nambala yoimba magetsi akazima ndi 105, ndipo inagwira ntchito yaikulu mu Novembala 2021 pamene mkuntho wa Arwen unazimitsa magetsi m'nyumba pafupifupi miliyoni imodzi, zina kwa sabata ndi masiku. Nyumba ikazizira mopitirira, palibe manyazi kupita kumalo ofundirako amene boma, masukulu ndi matchalitchi amatsegula. Mlendo afunse eni dera kumene malowo ali. Paja safunsa anadya phula.

Chipale sichigwa kwathu kuno, koma mpweya uja tili nawo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ya mwera ikamaomba ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzimba, mbaula imalowa m'nyumba, zitseko ndi mazenera n'kutsekedwa. Amatero alonda m'tizipinda tawo, amatero ophunzira ochita lendi, amateronso amayi ofuna kufunditsa khanda. Anthu ena amati makala akafiira, utsi utatha, ngozi yatha. Si zoona, pakuti makala ofiira akutulutsabe mpweyawo. Mbaula ituluke panja anthu asanagone. Tikapeza wina atakomoka m'chipinda chotere, titsegule zonse, timutulutsire panja, tithamange naye kuchipatala, ndipo tikawauze adokotala msanga kuti m'chipindamo munali makala, kuti amupatse okosijeni m'malo motaya nthawi kuyeza malungo.