Mabuku othandiza mtsogoleri zinthu zikavuta

Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, komwe Asilamu tilipo ochepa, madrasa akatsekedwa kapena komiti ya mzikiti ikagawanika, atsogolerife timasowa pogwira. Mabuku atatu awa angatibwezere m'njira.

Loyamba ndi Qur'an. Sura Al-Imran, ndime 159, idatsika itatha nkhondo ya Uhud ya m'chaka cha 625, pomwe Maswahaba pafupifupi 70 adaphedwa. Allah adalamula Mtumiki (SAW) kukhululukira olakwitsawo ndi kupitiriza kufunsa maganizo awo.

Lachiwiri, Ar-Raheeq Al-Makhtum la Safiur Rahman Mubarakpuri, likufotokoza nkhondoyo mwatsatanetsatane. Lachitatu, Riyadhus Salihin la Imam An-Nawawi, lili ndi mutu wa kupirira.

Tisawerenge patokha. Ikatha Swala ya Ijumaa, tiwerengere limodzi ndi komiti yonse, ngakhale amene adatikhumudwitsa.