Ulusi wa pulasitiki wozindikira ludzu la tomato masamba asanafote

Vuto la wothirira

Ku Area 11 mumzinda wa Lilongwe, monga m'madera ena a mapuloti aakulu, kuseri kwa nyumba zambiri kuli madimba a tomato, repu ndi tanaposi. M'chilimwe ambiri amathirira ndi madzi a Lilongwe Water Board, olipira malinga ndi mita. Wothirira amadalira maso: masamba akafota ndiye amathira madzi. Koma pofika pamenepo timabowo topumira ta m'masamba timakhala titatseka kale, mbewu itachepetsa kukula. Chinyezi chikamasinthasintha chotere, maluwa a tomato amayoyoka ndipo zipatso zimawola kunsi. Wina poopa zimenezi amathirira mopyola muyeso, madziwo n'kutsitsa feteleza pansi pomwe mizu sifika.

Pulasitiki wodutsa magetsi

Zipangizo zambiri zamagetsi zimaonongeka zikanyowa. Koma pali mtundu wa pulasitiki womwe umadutsitsa magetsi, ndipo ntchito yake amaigwira ali m'madzi. Akatswiri atatu amene anatulukira mapulasitiki otere, Alan Heeger, Alan MacDiarmid ndi Hideki Shirakawa, analandira mphoto ya Nobel mu 2000.

Wodziwika kwambiri ndi PEDOT:PSS, wokhala ndi mbali ziwiri. PEDOT ndiye njira ya magetsi, pomwe PSS amakonda madzi ndipo amafufuma akanyowa. Akafufuma, michere yosungunuka m'madzi, monga potaziyamu ndi kashiyamu, imapeza polowera. Mphamvu yochepa, yosafika ngakhale pa ya batire limodzi la tochi, imakankhira micherewo m'kati, ndipo ikalowa magetsi odutsa amachepa. Kuchepako ndiko kumaonetsa kuchuluka kwa michere m'madzimo.

Luso lagona pa kasakanizidwe. Pulasitiki wofufuma kwambiri amasweka kapena kumatuka, ndipo njira ya magetsi imaduka. Wosafufuma mokwanira amatsekereza michere kunja, motero samva kanthu. N'chifukwa chake opanga amaonjezera mankhwala omanga pulasitikiyo kuti asasungunuke, kwinaku akusiya mipata yoti madzi azilowa.

Zotsatira za kafukufuku pa tomato

Ofufuza a bungwe la IMEM-CNR ku Parma m'dziko la Italy anapaka PEDOT:PSS pa ulusi wansalu n'kuubaya patsinde la tomato, kuti uzikhudzana ndi madzi oyenda m'tsindemo. Chipangizochi anachitcha bioristor. Lipoti lawo la 2019 linaonetsa kuti chinazindikira kusowa kwa madzi pasanathe maola 30 chisiyireni kuthirira. Phindu lake n'lakuti muyeso ukuchokera mu mbewu yeniyeniyo, osati m'dothi lokha. Nthawi zina dothi limakhala lonyowa koma mizu yodwala kapena mchere wochuluka n'kumalepheretsa mbewu kumwa.

Zimene zilipo kale kuno

Pomwe kafukufuku wa bioristor akupitirira, ku Malawi kuno ofufuza a ku Kasinthula ku Chikwawa akhala akuyesa ndi alimi a m'masikimu kachipangizo ka Chameleon, kochokera ku bungwe la CSIRO la ku Australia. Kamayeza chinyezi m'dothi pa kuya kutatu, n'kusintha mtundu ngati bilimankhwe: buluu ndiye kuti dothi lanyowa, gilini lili ndi chinyezi chokwanira, kufiira ndiye lauma.

Malangizo kwa alangizi ndi alimi otsogolera

1. Alimi asadikire kufota. Aziona chinyezi pomwe pali mizu, ndi chipangizo kapena pokumba ndi kufumbata dothi.
2. Tomato azithiriridwa mwadongosolo, makamaka akamachita maluwa ndi kubereka.
3. Mbewu ikafota dothi lili lonyowa, ayambe aona mizu ndi tsinde asanaonjezere madzi, chifukwa mwina ndi matenda ofotetsa kapena nyongolotsi za m'mizu.
4. Kuphimbira ndi udzu kumasunga chinyezi ndi kuchepetsa bilu ya madzi.