Mowa sutenthetsa thupi, ngakhale ku Yellowstone

Disembala akafika, abale athu a ku America amayamba kutumiza zithunzi pa WhatsApp ali m'chipale chofewa, kumapazi atamanga ma snowshoe, zopondera zotambalala ngati lichero zomwe zimathandiza kuti munthu asatitimire. Ku Yellowstone, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1872, alendo amayenda chonchi m'magulu, wodziwa njira ali patsogolo, kukaona njati ndi mimbulu imene inabwezeretsedwa m'pakimo mu 1995. Akwathu akaona zithunzizo nkhawa yawo imakhala pa zilombo. Kenako pamabwera langizo lija: "Uzimwako pang'ono kuti thupi lizitenthera."

Langizo limeneli ndi loopsa kuposa mmbulu.

Kukazizira, thupi limafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu kuti magazi otentha azikhala mkati, pafupi ndi mtima, mapapo ndi ubongo. N'chifukwa chake zala zimachita dzanzi: thupi lalolera kuti zala zivutike bola mtima utetezeke. Mowa umasokoneza dongosolo lonseli. Umatsegula timitsempha tija, magazi n'kuthamangira kukhungu, komwe kuli minyewa yomva kutentha. Munthu amamva thupi lonse kufunda, nkhope kuchita kuwala, pamene kutentha kwenikweni kukuthawira mumphepo. Mowa umachepetsanso kunjenjemera, chonsecho kunjenjemera ndi njira imene minofu imapangira kutentha. Pamwamba pa izo umagonetsa nzeru, moti munthu saona chifukwa chobwerera. Ndiye amene amati "ine ndinamwa ndipo ndinamva bwino" akunena zoona ndithu. Anamva bwino thupi likuzizira.

Kutentha kwa mkati kukatsika kuchoka pa madigiri 37 n'kufika pansi pa 35, madokotala amati hypothermia. Munthu amayamba kulankhula mokoka lilime, kupunthwa, kulephera kumanga batani. Mnzake amene wamwa naye angadziwe bwanji ngati ndi kuledzera kapena kuzizidwa? Zikafika poipa kunjenjemera kumasiya, ndipo ena amafika povula zovala poganiza kuti kwatentha.

Ku Yellowstone kunazizirapo mpaka madigiri 54 pansi pa ziro mu February 1933, koma sikuchita kufunika kuzizira kotero. Thukuta lokha ndi lokwanira. Kuyenda ndi ma snowshoe ndi ntchito yakalavulagaga, malaya a thonje amanyowa, ndipo gulu likaima duu kuyang'ana njati, malaya onyowawo amayamba kukoka kutentha. Otsogolera amalimbikira zovala za ubweya kapena zosasunga madzi, zovala mosanjikiza kuti uzivula china usanatuluke thukuta. Tiyi wotentha wa shuga ndiye woyenera kukhala m'fulasiki.

Tisamayese kuti izi ndi za kwa azungu kokha. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anafa ndi kuzizira pa phiri la Mulanje atapita yekha ku Sapitwa, komwe kulibe chipale chofewa n'komwe.

Za zilombozo, lamulo la paki ya Yellowstone likuti uzikhala mamita 23 kuchokera pa njati, mamita 91 kuchokera pa mimbulu ndi zimbalangondo. Lamuloli limatetezanso nyama. Njati imapulumuka chisanu ndi mafuta amene inasunga m'chilimwe, ndipo imachita kukankha chipale ndi mutu kuti ipeze udzu wouma. Ukaithamangitsa pofuna chithunzi chapafupi, waiwonongera mafuta amene imayenera kufika nawo mu Epulo.