Kuthobwa m'maso usiku: mankhwala atsopano akuyesedwa, koma yambani mwapimitsa

Dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri la Zomba, msewu wa M3 umasanduka wina. Kuchokera pa Songani kudutsa pa Domasi mpaka ku Malosa, maminibasi, malole ndi njinga zamoto zimakumana nyali zili ngwee, kwinaku akabaza ndi oyenda pansi akupanikizana m'mphepete mwa phula. Kwa munthu wa maso abwino, nyali ya galimoto yobwera kutsogolo imangomuthobwa pang'ono n'kudutsa. Kwa ena nyali yomweyo imaphulika n'kumwaza cheza mbali zonse, kapena imazunguliridwa ndi mkombero wowala ngati nkhata, moti mwana amene akuwoloka msewu saoneka n'komwe.

Kumayiko olemera, ena mwa odandaula za vutoli ndi amene anachitidwa opaleshoni ya LASIK, yokonza maso ndi laser kuti munthu asiye kuvala magalasi. Dokotala amapala pang'ono kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso kuti kuwala kuzifika bwino mkati. Malo amene amapalawo ndi apakati pokha, pafupifupi mamilimita 6 m'mimba mwake. Masana palibe chovuta, chifukwa kamwana ka diso, kadontho kakuda kaja kolowera kuwala, kamakhala kochepa, mamilimita 2 mpaka 4. Mdima ukagwa kamatambasuka, ndipo kwa achinyamata kamatha kufika mamilimita 7 kapena 8. Pamenepo kuwala kwina kumalowera m'mbali mosakonzedwa muja n'kubalalika. Munthu amene masana amawerenga nyuzipepala popanda magalasi, usiku amaopa kugwira chiwongolero.

Mankhwala odontheza m'maso amene akuyesedwa ku America pofuna kuchepetsa vutoli ndi phentolamine wa mphamvu ya 0.75 peresenti. Ntchito yake ndi yofooketsa kamnofu kamene kamakoka kamwana ka diso kuti katseguke. Kamwanako kakachepa, kuwala kosokoneza kwa m'mbali kumatsekeredwa kunja. Mu September 2023 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mankhwalawa pa dzina la Ryzumvi, koma pa ntchito ina: kubwezeretsa diso mwakale dokotala akalitsegula ndi mankhwala pofuna kulipima. Za kuona usiku zikadali pa kafukufuku. Kampani ya Opus Genetics, imene kale inkatchedwa Ocuphire Pharma, inalengeza mu 2025 zotsatira za kafukufuku wa LYNX-2 pa anthu pafupifupi 200 ochitidwa opaleshoni zoterezi. Patatha masiku 15, anthu 17 mwa 100 alionse odontheza mankhwalawa anayamba kuwerenga mizere itatu yowonjezera pa tchati chopimira maso m'chipinda cha mdima pang'ono. Mwa amene anapatsidwa madontho opanda mankhwala, anali 9 mwa 100.

Kusiyanako n'kwenikweni, koma tisakokomeze. Anthu oposa 80 mwa 100 sanafike pa mlingo umenewo, ena maso amafiira, ndipo mphamvu ya dontho ikatha kamwana ka diso kamabwerera mwakale. Mankhwalawa amachepetsa chizindikiro, sakonza diso.

Nanga ife a m'chigwa cha Domasi zikutikhudza bwanji? Ochitidwa LASIK kuno ndi owerengeka, makamaka amene anakachitira kunja monga ku South Africa kapena ku India. Koma kuthobwa usiku kulipo kwambiri, ndipo gwero lake lalikulu ndi ng'ala. Mkati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe kamene kamachita chifunga munthu akamakula, kapenanso msanga ngati ali ndi matenda a shuga. Ng'ala isanayere n'kuonekera kwa achibale, mwini wake amayamba wadandaula kuti nyali zikumulasa m'maso. Agogo amasiya kupita ku mapemphero a madzulo, dalaivala wa zaka makumi asanu amayamba kukana maulendo a usiku osanena chifukwa. Palibe dontho lililonse limene limasungunula ng'ala. Mankhwala ake ndi opaleshoni yochotsa kagalasi kakale n'kuikamo kapulasitiki, ndipo imachitika ku Zomba Central Hospital komanso ku Lions Sight First Eye Hospital ku Blantyre.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale opaleshoni ya ng'ala itayenda bwino, chifunga chikhoza kubweranso patapita miyezi kapena zaka. Ng'alayo siinamere kachiwiri ayi. Kathumba kopyapyala kamene kamasunga kagalasi katsopano ndi kamene kamada, ndipo dokotala amakaboola ndi laser m'mphindi zochepa, popanda mpeni. Zimandiwawa kuona munthu wachikulire atakhala pakhonde n'kumati opaleshoni inakanika, pamene chotsala ndi ulendo umodzi wobwerera ku chipatala.

Zifukwa zina zovutikira kuona usiku n'zosavuta kuthana nazo. Ena amangofunika magalasi oyenera. Mwana amene amapunthwa kukangoda mwina akusowa vitamini A, n'chifukwa chake shuga ndi mafuta ophikira a m'dziko muno amathiridwa vitaminiyu, ndipo ana osakwana zaka zisanu amalandira timakapisozi take ku sikelo. Mbatata yofiira mkati, mango, mapapaya ndi masamba obiriwira zimathandizanso.

Choopsa ndi chizolowezi chogula madontho a m'maso pamsika kapena kubwereka a mnansi. Ena mwa madonthowa ali ndi steroid, amene akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amakweza mphamvu ya madzi m'diso, kuononga mtsempha woonera ndiponso kuyambitsa ng'ala yomweyo. Madzi a masamba ofinyira m'maso nawo amatha kusiya chilonda ndi chipsera pa kachikopa koonekera kaja, ndipo chipsera chotere chimamwaza kuwala moyo wonse. Nkhani ya mankhwala atsopano ikafika pa WhatsApp, sipalephera kupezeka wogulitsa kabotolo kamene akuti n'komweko. Musamupatse ndalama zanu.

Ngati nyali zayamba kukuthobwani kuposa kale, kaya munachitidwapo opaleshoni kaya ayi, pitani ku Domasi Rural Hospital mukafotokoze, ndipo akaona kuti n'koyenera akutumizani kwa madokotala a maso ku Zomba. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi botolo lililonse limene mwakhala mukudontheza. Madalaivala ndi a njinga zamoto, musanapimitse maso lekani kaye kunyamula anthu usiku.