Kukometsa Cithunzithunzi ca Nyanja

Munthu akajambula nyanja yamcere tsiku la mitambo, cithunzithunzi cace cimatuluka cotuwa ngati phulusa. Madzi ndi thambo zimangofanana, ndipo n'kovuta kuona pamene madzi alekezera. Kodi angacikonze bwanji?

M'kompyuta, cithunzithunzi cimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri. Kadontho kali konse kali ndi manambala atatu: la mtundu wofiira, la mtundu wa msipu, ndi la mtundu wa thambo. Kawirikawiri manambalawa amayambira pa 0, ndiwo mdima, nalekeza pa 255, ndiko kuwala kwenikweni. Pa cithunzithunzi cotuwa cija manambala onse aunjikana pakati.

Tsono wojambula amatsegula pulogalamu monga Photoshop, imene inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1990, nawamwaza manambalawo. Otsika awatsitsa kufupi ndi 0, okwera awakweza kufupi ndi 255. Pomwepo matanthwe ada bii, thovu la mafunde liyera mbee!

Ena amacepetsanso mitundu, nasiya inai kapena isanu yokha, kuti cithunzithunzi cioneke patali monga cikwangwani copaka utoto. Koma potero timafunde tating'ono timafafanizika, ndipo sitibweranso, ngati mwini wace sanasunge padera cithunzithunzi coyamba cija.