Phunziro la Ulimi: Mabulosi Athu ndi Mabulosi a Pepala

Alimi anzathu a ku Molumbo, phunziro la lero ndi la mitengo iwiri yofanana. Umodzi tonse timaudziwa. Ndi mtengo wa mabulosi, umene ena amati malubeni, ndipo pa Chipwitikizi amati amoreira. Umapezeka kuseri kwa nyumba zambiri ndi m'mbali mwa madimba. Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likuswa mtengo, ana amabwera kunyumba milomo ili bii, malaya atathimbirira. Sitifunsa kumene anali. Timadziwa kale.

Mtengo wachiwiri si wa kwathu kuno. Kwawo ndi ku China ndi maiko oyandikana nawo. Akatswiri a mitengo amautcha Broussonetia papyrifera. Ife m'phunziro lino tiutcha mabulosi a pepala. Kapena wina afunsa kuti, "Nanga tiphunziriranji mtengo wa eni?" Tiuphunzira chifukwa mbewu zimayenda ndi anthu. Ife tomwe timatenga mitengo ya chinangwa ku Gurue, kholowa wa mbatata ku Mulanje, mbande pa msika wa ku Milange. Tikaona mtengo wokongola pakhomo pa mnzathu timathyola kanthambi nkuika m'thumba, osafunsa dzina lake. Mtengo uwu wafika kale m'maiko ena a mu Africa, ndipo kumeneko alimi akulira nawo.

Ubwino wake uli m'khungwa

Tisaunyoze msanga. Makolo athu ankavala nyanda, imene ena amati chiwondo. Ankasenda khungwa la mombo kapena la kachere, nkulimenya ndi chibonga mpaka lifewe ndi kutambasuka. Anthu a pa zilumba za m'nyanja yaikulu ya Pacific, monga Tonga, Samoa ndi Fiji, amachita chimodzimodzi mpaka lero ndi khungwa la mabulosi a pepala. Nsalu yawo amaitcha tapa. Luzi la mtengowu ndi lalitali, loyera ndiponso lolimba. Ku China, m'chaka cha 105, Cai Lun anaonetsa mfumu yake njira yopangira pepala ndi makungwa a mitengo, sanza ndi maukonde akutha. Ku Japan ndi ku Korea akupangabe pepala la pamanja ndi luzi la mitengo ya mtundu umenewu. Tsono dzina lakuti mabulosi a pepala silinachokere patali.

Masamba ake mbuzi zimadya. Zipatso zake munthu angathe kudya, koma ndi zofewa kwambiri, sizingafike ku msika. Thunthu lake ndi lofewa, silipanga mtanda wa nyumba, ndipo mizu yake siilowa pansi kwenikweni. Mphepo ya mkuntho ikaomba, mtengowu sukhalira kugwa.

Tingaisiyanitse bwanji?

Apa tidekhe, pakuti ndi pamene pagona phunziro lathu. Pali zizindikiro ziwiri zimene zimanyenga anthu. Choyamba ndi maonekedwe a tsamba. Mitengo yonse iwiri ili ndi masamba ena athunthu ngati mtima, ena ong'ambika ngati dzanja la zala zitatu kapena zisanu, ndipo onsewo pa nthambi imodzi. Chachiwiri ndi utomoni. Mukathyola tsamba, yonse iwiri imatulutsa utomoni woyera ngati mkaka. Amene adalira zizindikiro izi adzasokera.

Maso okha sakwanira. Gwirani tsambalo ndi zala. Tsamba la mabulosi athu ndi lopyapyala, losalala, ndipo pamwamba pake pamanyezimira. Tsamba la mabulosi a pepala ndi lochindikala, losanyezimira. Pamwamba pake ndi pokhakhala ngati lilime la mphaka. Mukalitembenuza, kunsi kwake ndi kotuwa, kwa cheya chofewa ngati ubweya wa kalulu. Cheyacho chili ponseponse, pa kaphesi kogwira tsamba ndi pa nsonga zanthete za nthambi. Ngakhale gogo amene maso anachita khungu angathe kutiuza kuti uwu ndi uti.

Chizindikiro china ndi chipatso. Chipatso cha mabulosi athu ndi chotalikirapo, ngati nsonga ya chala. Chimayamba chobiriwira, kenaka chifiira, pomaliza chida. Chipatso cha mabulosi a pepala ndi chobulungira, kukula kwake ngati suku, masentimita 2 kapena 3. Chikapsa chimatulutsa timinofu tofiira mowala kuzungulira mpira wonse, ndipo sichida ayi.

Mtengo umenewu uli ngati papaya: pali wamwamuna ndi wamkazi. Wamkazi ndiye amabala timipira tija. Wamwamuna sabala kanthu, amangotulutsa maluwa ataliatali olendewera ngati mbozi, odzaza ndi mungu. Mfundo iyi tiisunge, tiifuna posachedwa.

Zimene zinachitika kwa anzathu

M'chaka cha 1969 mtengowu anaubweretsa ku Ghana. Cholinga chinali chabwino: ankafuna kuyesa ngati dzikolo lingapange pepala lakelake. Anaudzala m'nkhalango zosungidwa, wamwamuna ndi wamkazi pamodzi. Mbalame ndi mileme zinadya zipatso nkumwaza njere kutali. Kunabwera chilala ndi moto wolusa wa m'chaka cha 1983, nkhalango zambiri zinapsa. Pamalo poyera pamene moto unadutsa, mtengo wachilendowu ndiwo unayamba kumera, ndipo mitengo ya eni dziko inasowa poonera dzuwa. Lero uli m'mbali mwa misewu, m'tsala ndi m'minda ya koko, ndipo alimi amataya masiku ambiri akuusadza. Ku Uganda nakonso wadzaza mbali zina za nkhalango ya Mabira, makamaka malo amene anthu anayamba atalimapo.

Ku Islamabad, likulu la dziko la Pakistan, anaudzala m'zaka za m'ma 1960 kuti mzinda watsopanowo ukhale ndi mthunzi msanga. Mthunzi anaupeza. Koma chaka chilichonse, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, mungu wa mitengo yaimuna umadzaza mumpweya. Anthu amayetsemula, maso amayabwa, ndipo odwala mphumu amathamangira ku chipatala akubanika. Boma la mzindawo lakhala likudula mitengo imene linadzala lokha.

Nanga ku zilumba za Pacific zija, bwanji sunawavute chotere? Taonani nzeru ya mlimi. Makolo awo poyenda pa mabwato sananyamule njere, ananyamula mphukira. Pa zilumba zambiri mitengo imene ilipo ndi yaikazi yokhayokha. Popanda mungu palibe njere, ndipo mbalame ilibe chomwaza. Komanso iwo salola mtengo kukalamba. Amaudzala mothithikana, amathyola nthambi zam'mbali kuti thunthu liwongoke, ndipo ukatha chaka chimodzi kapena ziwiri amaudula nkusenda khungwa. Mtengo wogwiridwa ntchito chaka ndi chaka supeza mpata wolowerera.

Ife kuno nyanda tinaileka kalekale, ndipo pepala sitipanga. Tikaudzala udzangokhala, mizu nkumayenda. Tikayang'ana minda yathu, zonse zimene mtengowu umakonda tili nazo: mvula yokwanira, dothi lotipulidwa, tsala, ndi lupsa la chaka ndi chaka. Munda wa chimanga ndi nandolo umene udyetsa banja lonse sitingauyesere mtengo wotere.

Tikaupeza tichite chiyani?

Kudula ndi nkhwangwa kokha sikuthandiza. Chitsa chimaphukanso, ndipo mizu yoyanza pansi imatulutsa mphukira zambiri, zina kutali ndi tsinde. Wadula umodzi, mawa apeza khumi. Kutentha nakonso ndi kuuitana, monga taonera ku Ghana. Njira ndi khasu. Mbande zazing'ono tizule ndi manja nthawi ya dzinja dothi lili lofewa. Mtengo waukulu tiudule usanachite maluwa, tikumbe chitsa, titsate mizu ndi kuichotsa. Mizuyo tisaitaye pa dothi lonyowa, tiiyanike pa mwala iume. Tikatero tiziyendera malowo mwezi ndi mwezi, mphukira ikangotuluka tikhape. Ndi ntchito ya nyengo zingapo, osati ya tsiku limodzi. Tithyolenso nthambi ya masamba tikaonetse alangizi a zaulimi ku ofesi ya SDAE, kuti midzi ina ichenjezedwe.

Tidzale mabulosi athu

Amene afuna mthunzi, zipatso ndi chakudya cha ziweto, mtengo ali nawo kale pakhomo. Kudzala kwake nkosavuta, ngati chinangwa. Tisankhe mtengo umene tinauona ndi maso athu ukubala zipatso zazikulu ndi zotsekemera. Mvula ikakhazikika mu Disembala, tidule nthambi zokhwima, zonenepa ngati pensulo kapena chala, zotalika masentimita 25 kapena 30, za maso atatu kapena anayi. Tizike mopendeka, maso akuyang'ana kumwamba, awiri pansi ndi ena kunja. Titsendere dothi ndi phazi. Tisaiwale kutchinga ndi minga, chifukwa mbuzi ikalawa tsamba la mabulosi siichoka.

Wofuna zipatso asiye mamita 5 kapena 6 pakati pa mitengo. Wofuna masamba a mbuzi ndi akalulu adzale mzere wothithikana m'malire a dimba, ndipo azidulira pa msinkhu wa m'chiuno kuti nthambi zichuluke. Masamba a mabulosi ali ndi chakudya chomanga thupi chochuluka kuposa udzu, ndipo a m'dimba amakhala obiriwira m'chilimwe pamene msipu wauma. Koma nawonso ali ndi khalidwe lawo. Tisawadzale pafupi ndi chitsime kapena khoma la nyumba, pakuti mizu yake imalondola madzi. Ndipo amayi atichenjeza kale kuti pansi pa mabulosi sayanikapo zovala kapena ufa.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi masamba atatu a mabulosi a pakhomo pake. Tidzawagwira ndi zala, tidzawatembenuza, kenaka tidzalemba pa bolodi mawu awa: tsamba, khungwa, muzu, mphukira.